Masiku 10, mapaundi 600, mizinda isanu: zitheka kapena ndikulota?

Mnyamata wa ku Leeds: Moni nonse akuluakulu. Chilowereni pa gulu pano ndakhala ndikungowerenga, lero ndabwera ndi langa. Kuntchito andipatsa tchuthi cha masiku 10 mu September, koyamba chibwerereni kuno. Kumudzi sindingathe, tikiti yokha ikuposa ndalama zonse ndasunga. Ndiye ndaganiza zobereka kachikwama n'kukazungulira Prague, Vienna, Bratislava, Budapest ndi Kraków. Kugona m'mahositelo, masana kuona malo, usiku kukalawako za kumeneko. M'thumba muli mapaundi 600 basi. Anzanga akuntchito akuti n'zambiri, iwo amangonyamuka Lachisanu n'kubwerako Lolemba. Amene munapondako, zitheka?

NaPhiri wa ku Dublin: Achimwene, anzanu akuntchitowo ali ndi pasipoti ya dziko liti? Yambirani pamenepo. Inu ndi ine tili ndi ya Malawi, ndipo viza yokhalira ku UK sikulowetsani m'maiko amenewo. Mufunika viza ya Schengen, mgwirizano wa maiko ambiri a ku Ulaya. Ndi mayuro 90 chiyambire June 2024, kuonjezapo ya ofesi yolandira mapepala, kuonjezanso inshulansi ya chipatala yofika mayuro 30,000, zithunzi, ndi thiransipoti yopita komwe akakutengeni zidindo za zala. Musanaone ngakhale mlatho umodzi, mapaundi oposa 100 apita. Ifenso kuno ku Ireland timafunsira chimodzimodzi, dziko lino silili mu Schengen.

Mnyamata wa ku Leeds: Eish achemwali, mwandithira madzi ozizira. Ndiye maiko asanuwo ndi maviza asanu?

NaPhiri wa ku Dublin: Ayi, imodzi yomweyo ikwanira onse. Koma mumafunsira ku dziko limene mukagoneko masiku ambiri. Akafanana, ndiye dziko limene mukalowere. Adzafuna kalata ya kuntchito, mapepala a ku banki a miyezi itatu, matikiti opita ndi obwerera, ndiponso umboni wa komwe mukagone usiku uliwonse. Pasipoti ikhale ndi miyezi itatu yotsala kuchokera tsiku lobwerera, ndi masamba awiri opanda chidindo. Amalola kufunsira kudakali miyezi 6. Musadikire August, nyengo yotentha malo a tsiku lokaonekera amatha ngati mafuta pa filing'i siteshoni kwathu.

Malume a ku Joni: Koma ana inu. Mapaundi 600 mukudziwa kuti ndi matumba angati a simenti ku Lilongwe? Munthu wapita kunja kukasaka, osati kukaona milatho ya eni ake. Ine zaka 19 kuno ku Johannesburg, Cape Town sindinapiteko, koma malata ali padenga ku Mzimba.

Chikwama Kumsana: Amalume, ulemu wanu, koma mwanayu wasamalira nkhalamba za eni ake usiku ndi usana kwa zaka ziwiri. Mulekeni apumeko, simenti sithawa.

Aise wa ku Leeds, ndamva ndandanda yako ndaseka. Mizinda isanu pa masiku 10? Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Ine ndinachita zomwezo mu 2023, ndinabwerako ndi zithunzi za masiteshoni. Tsiku lililonse losamuka limakudyera theka la tsiku: kulongedza, kutuluka m'hositelo 10 koloko, kupeza basi, kufika, kudikira mpaka 3 koloko kuti akupatse bedi. Komanso tsiku losamuka ndi limene umawononga kwambiri, chifukwa umadya za pa siteshoni ndipo umalipira kosungitsa chikwama.

Chotsa Bratislava. Si mzinda woipa, koma pakati pake umamaliza m'maola atatu, ndipo uli ola limodzi lokha pa sitima kuchokera ku Vienna, udzapitako tsiku lina. Vienna usagoneko. Bedi limene ndinalipira mayuro 14 ku Kraków ndi 17 ku Budapest, ku Vienna linali 38, chipinda cha anthu 8 chomwecho.

Wa ku Linz: Apo ndiye ndikana pang'ono. Ndakhala mu Austria zaka 7. Vienna ndi yodula pogona ndi podyera, zoona, koma zoona ndi maso zambiri n'zaulere. Minda ya ku Schönbrunn umalowa osalipira, n'kukwera kaphiri ka Gloriette n'kuona mzinda wonse pansi. Tchalitchi chachikulu cha Stephansdom umalowa mbali yakutsogolo mwaulere. Ku paki ya zosangalatsa ya Prater chipata n'chotsegula, umalipira pokhapokha ukafuna kukwera gudumu lalikulu lija la mu 1897. Madzi a pampopi amachokera kumapiri a Alps kudzera m'mipope imene anaitsegula mu 1873, moti kugula madzi a m'botolo ku Vienna ndi kutaya ndalama. Ndipo ku Staatsoper, nyumba ya nyimbo za opera, amagulitsa matikiti a anthu oimirira, otsika mtengo kuposa chakudya cha mu lesitilanti. Ine sindimamva chimene amaimba, koma ndinaimirira maola atatu kukamwa kuli yasa.

Chenjezo limodzi: Lamlungu masitolo amatseka. Osati ena, pafupifupi onse, kupatula a m'masiteshoni akuluakulu, ndipo mzere wake umakhala ngati wa ku ADMARC.

Chikwama Kumsana: Ndiye tagwirizana, bwana. Aidutse masana. Sitima ya m'mawa kuchokera ku Budapest ndi maola awiri ndi theka kapena kuposerako pang'ono, asiye chikwama mu loka pa siteshoni yaikulu ya Hauptbahnhof, azungulire, adye soseji ya Käsekrainer pa kakhumbi kam'mbali mwa msewu, madzulo akwere ya ku Prague, maola anayi. Waiona Vienna osagula bedi lake.

Mtsikana wa ku Kraków: Ine ndikuphunzira kuno chaka chachitatu, ndiye ndiikire kumbuyo mzinda wanga kkkk. Achimwene, yambirani kuno. Ndege zotchipa zochokera ku England zimatera kuno tsiku ndi tsiku, ndipo thumba lanu lidzapuma. Funsani malo otchedwa bar mleczny. Musapusitsidwe ndi dzinalo, si komwera mowa, ndi makantini otsala kuyambira nthawi ya chikomyunizimu. Mumatenga thireyi, mumaloza chimene mukufuna, mayi wa pa kauntala sakusekererani koma mbale ya pierogi ndi supu mumakhuta nayo mpaka madzulo. Usiku pitani ku Plac Nowy ku Kazimierz mukagule zapiekanka, buledi wautali ngati mkono wothira bowa ndi tchizi.

Rynek Główny ndi bwalo la mamita pafupifupi 200 mbali zonse, analiyala mu 1257. Khalani pansi pamenepo mudikire ola likwane. Pa nsanja ya tchalitchi cha Mariacki pamatseguka kawindo, munthu n'kuliza lipenga, nyimbo n'kudukira pakati ngati wina wamugwira pakhosi. Amaliza kanayi, kuyang'ana mbali zinayi, ola lililonse usana ndi usiku. Tsiku langa loyamba ndinkayesa wailesi, mpaka ndinaona dzanja likutibayibitsa pawindopo.

Koma musayerekeze kumwa mowa mumsewu kapena mu paki kuno. Ku Poland n'koletsedwa, apolisi amalipiritsa. Alendo ochokera ku Berlin amagwidwa nazo kwambiri chifukwa kwawo amayenda botolo lili m'manja.

Mnyamata wa ku Leeds: Zikomo achemwali. Nanga ku Auschwitz? Ndinamva kuti ndi pafupi. Ndimati ndipite m'mawa, madzulo ndikalowe kumadansi ku Kazimierz.

Mtsikana wa ku Kraków: Ndi makilomita pafupifupi 70, ola ndi theka pa basi. Koma zoti madzulo mukavine, iwalani. Simudzafuna n'komwe.

NaPhiri wa ku Dublin: Mwana wanena zoona. Ine ndinapitako ndi anzanga awiri a kuntchito. M'basi popita tinkacheza, kuseka, kugawana mabisiketi. Pobwerera palibe anayankhula mpaka tinafika mu Kraków. Unali msasa wa a Nazi a ku Germany pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Anthu pafupifupi 1.1 miliyoni anaphedwa pamalo amenewo, ambiri mwa iwo Ayuda, kufikira asilikali a Soviet Union atafika pa 27 January 1945. Nambala imeneyo munthu umaiwerenga n'kupitirira. Chimene chinandigwetsa ine ndi chipinda cha masutikesi. Eni ake analembapo maina ndi penti yoyera, mwaluso, monga timalembera katundu wopita kumudzi kuti asasochere pa depoti. Ankakhulupirira kuti akawalandiranso. Pali chipinda china cha nsapato, ndipo pakati pa mulu pali tinsapato ta ana. Ndine namwino, imfa ndimaiona sabata iliyonse, koma ndinatuluka panja kukakhala pansi.

Sungitsani malo pa intaneti kudakali masabata, pa tsamba la malowo lenilenilo, chifukwa tikiti imalembedwa dzina lanu ndipo pachipata amafuna chiphaso. Valani ngati mukupita kumaliro. Tsiku limenelo lipatseni lonse.

Malume a ku Joni: Mmm. Zimenezo ndiye sindimadziwa kuti zili kumeneko. Kumeneko apite ndithu.

Chikwama Kumsana: Amalume ayamba kufewa kkkk.

Tibwerere ku za hositelo, poti ndi pamene pagona nkhani ya ndalama. Aise, hositelo ya kumeneko si ya ku sekondale ija yokhala ndi kapitawo, koma mfundo ndi yomweyo: mabedi osanjikizana, bafa limodzi, ndipo nthawi zonse pamakhala mmodzi woliza mkonono. Ku Prague ndinagona ndi mkulu wina wa ku Australia amene ankaliza ngati chigayo cha dizilo, mpaka mnyamata wa bedi lapamwamba anatenga bulangete kukagona pa sofa ku khitchini. Nyamula zotsekera m'makutu, loko wako wa loka, thawulo, ndi masilipasi a kubafa. Zinthu zinayi zimenezi akakubwereka amakulipiritsa. Pempha bedi lapansi. Ukafika tukula matiresi uyang'ane m'misoko, ukaona timadontho takuda ndiye kuti muli nsikidzi, Ulaya nayenso ali nazo.

Posankha pa Hostelworld kapena Booking.com usathamangire yotchipitsitsa. Werenga ndemanga zoipa, osati zabwino. Ona ngati ili ndi khitchini, ona mtunda wake kuchokera pakati pa mzinda. Ndipo pali mitundu iwiri: ina ndi yogona, ina ndi ya phwando, yokhala ndi bala pansi, kumene nyimbo zimazima 4 koloko m'mawa. Ya phwando n'njabwino masiku awiri ngati uli wekha ndipo ukufuna anzako, koma osati ulendo wonse. Msonkho wa mzinda nthawi zambiri amautenga padera ukafika, usadabwe.

Mtsikana wa ku Kraków: Kwa atsikana amene mukuwerenga mwakachetechete: pafupifupi hositelo iliyonse ili ndi chipinda cha akazi okhaokha, mtengo umakwera pang'ono koma tulo mumagona. Ndipo chakumwa chanu musachisiye patebulo n'kupita kukavina, kaya ndi Fanta.

Wa ku Linz: Za khitchini zandikumbutsa. Ku Budapest nditatha masiku anayi ndikudya buledi ndi soseji, thupi linakana. Ndinalowa mu Spar n'kugula kukoricadara, ndi chimanga chogaya cha mtundu wachikasu, chokhakhala ngati mgaiwa. Ndinagulanso kabichi, tomato, anyezi ndi ntchafu za nkhuku. Mthiko munalibe, ndinavundulira chipande chathabwa chimene chinatsala pang'ono kuthyoka. Inatuluka nsima yachikasu ngati ya chaka cha njala, koma abale, inatsika. Atsikana awiri a ku Korea ndi mnyamata wa ku Brazil anandizungulira, ndinawasambitsa m'manja n'kuwaphunzitsa kutema mbamu. Wa ku Brazil uja anapsa zala n'kumaziviika m'kapu ya madzi. Tonse anayi tinakhuta ndi ndalama yosakwana mbale imodzi ya gulyás pa msewu wa alendo wa Váci utca. Mawa lake iwo ndi amene anandigulira mowa.

M'makhitchini ambiri muli shelefu ya zinthu zosiyidwa ndi amene anyamuka: mchere, mafuta, mpunga, pasita. Yambani mwayang'ana pamenepo musanapite ku sitolo.

Mnyamata wa ku Leeds: Kkkk ndiye ndinyamule ufa wanga wa ku shopu ya Mnaijeriya kuno?

Chikwama Kumsana: Ufa woyera m'kapulasitiki, pa bwalo la ndege, uli ndi pasipoti ya ku Africa? Aise, umadzikonda?

NaPhiri wa ku Dublin: Kkkkk ndalavula tiyi.

Chikwama Kumsana: Komanso ulibe malo. Pa Ryanair ndi Wizz Air chaulere ndi kachikwama kolowa pansi pa mpando basi. Kakakula, pa geti amakulipiritsa ndalama yoposa tikiti. Yeza ndi tepi usananyamuke. Malaya anayi, buluku limodzi lapadera, juzi, uzichapa.

Tsopano za ndalama, apa ndi pamene ine anandidyera masuku pamutu. Maiko anayi, ndalama zinayi: złoty ku Poland, forint ku Hungary, yuro ku Austria, koruna ku Czechia. Yuro imodzi ndi cha m'ma koruna 25, ma złoty anayi ndi kanthu, ndipo ma forint ndi mazanamazana, moti ku Budapest umadziona ngati wabwerera ku makwacha. Makina otulutsa ndalama amene aima m'misewu ya alendo, osakhala a banki, uwapewe. Ndinatapa pa amodzi pafupi ndi wotchi ija ya mu 1410 ku Prague, anandifunsa ngati ndikufuna andiwerengere m'mapaundi, ine n'kuvomera poyesa kuti akundithandiza. Nditaona ku banki, anali atandidula ndalama ya bedi la usiku wathunthu. Makina kapena kamakina ka m'sitolo kakakufunsa, sankha ndalama ya dziko limene ulilo nthawi zonse. Khadi limagwira pafupifupi paliponse, ndalama yapamanja sunga yochepa ya chimbudzi ndi ya pamsika. Munthu wokuimitsa mumsewu kuti akusinthire, thawa.

Wa ku Linz: Kuonjezerapo, ku Czechia kuli lamulo kuyambira 2019 loti ukasintha ndalama pa kauntala n'kuzindikira kuti akubera, uli ndi maola atatu obwerera ndi lisiti n'kubweza zonse, bola zisapose mayuro 1,000. Lisiti musataye.

Ndipo matikiti a tramu ndi metro! Kugula sikokwanira, muyenera kuidinditsa m'kabokosi polowa. Kulibe kondakitala wokufunsani, mumangolowa ngati kwanu, ndiye munthu umayamba kuganiza kuti ndi zaulere. Oyendera amavala ngati wina aliyense, amangotulutsa kabaji chitseko chikatsekeka. Mnzanga anali ndi tikiti m'thumba, yogula bwinobwino koma yosadinda, analipira chindapusa pomwepo. Kulira kuti ndine mlendo sikuthandiza, alendo ndi amene amawafuna. Gulani ya maola 24 kapena 72 mupume.

Mnyamata wa ku Leeds: Ndalemba zonse. Nanga za usiku? Paja ndi theka la chifukwa chimene ndikupitira, amalume atseke makutu.

Malume a ku Joni: Ndikumva ndithu.

Chikwama Kumsana: Usiku ndi Budapest, osalimbana nazo. Ku District VII, dera lakale la Ayuda, kuli malo omwera amene anawatsegula m'nyumba zosiyidwa. Lotchuka ndi Szimpla Kert pa Kazinczy utca. Ukalowa umaona ngati wafika kwa wogula zitsulo zakutha: mipando yosafanana, njinga zopachikika kudenga, bafa lodulidwa pakati kukhala sofa, galimoto yakale ya Trabant anthu atakhalamo ndi matambula awo, makoma olembedwalembedwa. Chipinda chilichonse nyimbo yake. Kulowa n'kwaulere, koma fika isanakwane 9, apo ayi uima pa mzere. Mowa wake ndi wa mtengo wa alendo, ndiye imwa umodzi, uone malo, kenako upite tinjira tam'mbali komwe amamwa eni mudzi.

Koma tamvera ichi bwinobwino. Ukamayenda cha ku Váci utca, atsikana awiri okongola akakuimitsa kufunsa njira, kenako n'kunena kuti tiye tikamwe pamalo ena amene ife tikuwadziwa, usapite. Bilu imabwera ya mapaundi mazana, pakhomo pataima zigandanga zokuperekeza ku makina a ndalama. Ndi msampha wakalekale ndipo umagwirabe. Dzifunse kuti chiyambire liti iwe kuimitsidwa ndi akazi awiri nthawi imodzi.

Ku Prague mowa ndiye kwawo, palibe mtundu umamwa mowa wambiri pa munthu mmodzi kuposa iwo, ndipo Pilsner inabadwira ku Plzeň mu 1842. Koma usamwere pa Old Town Square. Kwera ku Letná dzuwa likamalowa, ugule wa m'kapu ya pulasitiki, ukhale pa benchi pansi pa mitengo milatho ya pa mtsinje wa Vltava itandandalika pamaso pako. Kapena dera la Žižkov. Maulendo aja olipira oyenda gulu kuchoka bala ina kupita ina, mzinda unawaletsa kuyambira 10 koloko usiku kumapeto kwa 2024, anthu okhala pakati pa mzinda anatopa ndi phokoso ndi masanzi. Mlatho wa Charles Bridge, umene anayamba kumanga mu 1357, upiteko 6 koloko m'mawa. Masana umangoona misana ya anthu.

NaPhiri wa ku Dublin: Masana a ku Budapest musawagone ndi matsire. Kwerani tramu nambala 2, imayenda m'mbali mwa mtsinje wa Danube kudutsa nyumba ya malamulo, tikiti wamba, pomwe ena akulipira maboti. Wolokani Chain Bridge wapansi mukwere ku Buda. Ndipo ngati pali chinthu chimodzi chodula choti mulipire, ndi madziwe a madzi otentha a ku Széchenyi, a mu 1913. Madzi ochokera pansi pa nthaka ngati a ku Mawira ku Nkhotakota, koma m'bwalo la nyumba yachikasu ngati ya mfumu, madala akusewera tchesi madzi ali m'chifuwa. Msana wanu wonyamula odwalawo udzakuthokozani. Nyamulani thawulo ndi masilipasi anu.

Mnyamata wa ku Leeds: Funso limene ndimaliopa: ife akhungu lakuda amatilandira bwanji kumeneko?

Mtsikana wa ku Kraków: Ndinene mosabisa. Kuyang'anitsitsa kulipo, makamaka agogo mu tramu ndi m'matauni ang'onoang'ono. Pakati pa mizinda ikuluikuluyi anazolowera. Zaka zitatu ndatukwanidwapo kawiri, konse ndi anthu oledzera usiku. Tsiku la mpira ndikaona gulu la anyamata ovala masikafu a timu ndimawoloka msewu. Kupatula apo ndimayenda ndekha, ndipo agogo omwewo ndi amene anandithandiza kunyamula sutikesi tsiku lofika.

Wa ku Linz: Pasipoti ikhale pathupi, osati m'chikwama chimene chili kunsi kwa basi. Amati mu Schengen mulibe malire, koma apolisi amakwerabe m'mabasi ndi m'sitima pa malire ena, ndipo kangapo m'basi yodzaza afunsa ine ndi Mwarabu mmodzi basi. Umangopereka, amayang'ana, amabweza. Zimawawa koma zimatha mphindi imodzi. Mukhalenso ndi njira yoonetsera chilolezo chanu cha ku UK pobwerera, poti makhadi aja a chilolezo anatha, zonse zili pa intaneti tsopano. Foni isafe.

Mnyamata wa ku Leeds: Chabwino akuluakulu, ndakonzanso. Kraków masiku atatu koma kugona kawiri, tsiku lapakati Auschwitz. Usiku wachitatu FlixBus kupita ku Budapest, maola 7, ndapulumutsa bedi limodzi. Budapest kugona kanayi. Vienna masana okha. Prague kugona kawiri, n'kuuluka kubwerera ku Manchester. Ndiye viza ndikafunsira ku Hungary, eti achemwali? Ndawerengera viza ndi inshulansi 140, ndege 90, mabedi 140, mabasi ndi sitima 60. Zatsala 170 za chakudya, matikiti a mumzinda, Széchenyi ndi mowa. Zikuoneka zothina.

NaPhiri wa ku Dublin: Hungary, inde. Tikiti ya basi ya usikuyo muiphatikize pa mapepala, aone kuti usiku umenewo muli kuti. Ndipo musungitse mabedi amene mungathe kuwakana mwaulere, viza isanatuluke musalipiretu. Koma 170 pa masiku 10 yachepa, komanso a viza akaona ku banki kuli mbee adzakayika. Gwirani mashifiti ena atatu musanapite.

Chikwama Kumsana: Ya Vienna kupita ku Prague yang'ana RegioJet, sitima zachikasu zija, ukagula msanga imatchipa. Basi ya usiku khala kutali ndi chimbudzi.

Malume a ku Joni: Mphwanga, nditumizire nambala ya akaunti kuseri. Ndikuponyera kangachepe ka tikiti ya basi ya ku malo a masutikesi aja. Ya mowa ayi. Ndipo ukabwerako tikambirane za simenti.

Mnyamata wa ku Leeds: Amalume mwandichititsa manyazi, zikomo kwambiri. Tsiku lokaonekera ndapeza la pa 9 July ku London. A ku Linz, chimanga chachikasu chija mwati dzina lake ndani? Mundilembere bwinobwino ndikangoonetsa foni mu sitolo.

Wa ku Linz: Kukoricadara. Ku Poland ndi kasza kukurydziana. Mthiko nyamulani wanu, umalowa m'mbali mwa chikwama.